Kuchoka pa Damu Lolipira Kupita ku Timitsinje ta ku Mulanje ndi Thyolo: Zimene Muyenera Kusintha Powedza

Munthu amene anaphunzirira kuwedza pa damu lolipira, kaya ndi damu la pa esiteti ya tiyi kapena dziwe la mlimi amene amalola anthu kuponya mbedza kenako nkuwalipiritsa potengera kulemera kwa nsomba zimene agwira, amapita kumtsinje ndi chizolowezi chimodzi chimene chimamubweza chimanjamanja. Iye amafunafuna malo a mthunzi, amakhazikika, amaponya mbedza pakatikati pa madzi, ndipo amadikira kuti nsomba zimupeze. Pa damu njira imeneyi imathandiza chifukwa nsombazo zinachita kuikidwamo, ndipo ndi zochuluka kuposa zimene madzi a ukulu womwewo akanasunga mwachilengedwe. Mu timitsinje totsika m'phiri la Mulanje, kapena todutsa m'minda ya tiyi ndi nthochi ku Thyolo, nsomba ndi zochepa, ndi zochenjera, ndiponso zimakhala m'malo owerengeka okha, kotero kuti woyenera kuyenda kukazifuna ndinu.

Kusiyanaku kumayambira pa mmene nsombazo zakulira. Makumba, chilunguni ndi milamba ya m'dziwe la mlimi zinagulidwa zili mbewu, zimapatsidwa madeya pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo zikamva mapazi a munthu pagombe zimathamangira komweko poganiza kuti chakudya chafika. Madzi ake amakhala obiriwira chifukwa cha manyowa amene mwini amathiramo, choncho nsomba siona patali, ndipo chingwe chokhuthala kapena mbedza yaikulu siziiopsa. Nsomba ya mumtsinje yakula ikuthawa katumbu, ng'azi, kakowa ndi ana a m'mudzi, m'madzi amene nthawi yachilimwe amayera mpaka mchenga wa pansi kuoneka. Zili ngati kusiyana kwa nkhuku ya m'khola ndi nkhwali ya kutchire: ina imabwera ikamva mtswatswa, pamene inayo mtswatswa womwewo ndiwo umaithamangitsa.

Yambani mwadziwa mtsinje umene mukupitako

Mitsinje yambiri yotsika m'phiri la Mulanje, monga Lichenya, Likhubula, Muloza ndi Thuchila, pamodzi ndi Nswadzi wa ku Thyolo, madzi ake amathera mu Ruo, ndipo mtsinje wa Ruo umakathira mu Shire ku Chiromo. Panjira imeneyi pali mathithi a Zoa, otalika pafupifupi mamita 60, amene nsomba za m'chigwa cha Shire sizingathe kukwera. Chifukwa cha mathithiwa, nsomba za kumtunda kwa Zoa nzosiyana ndi za kumunsi, ndipo zambiri mwa izo ndi zazing'ono. Amene akuwedza kumtunda ayembekezere matemba a mitundu ingapo, milamba, makumba ndi chilunguni, zina mwa izo zothawa m'maiwe a alimi madzi akasefukira. Ngati pa damu munazolowera kubwerera ndi nsomba zolemera theka la kilogalamu iliyonse, dziwiranitu kuti pa kamtsinje kumba wokwana pachikhatho amakhala kale wamkulu, ndipo nsomba yokha imene ingakudabwitseni ndi ukulu wake ndi mlamba.

Pamwamba pa phiri, m'madzi ozizira kwambiri, atsamunda anaikamo nsomba ya kunja yotchedwa trout, monga anachitiranso ku Zomba ndi ku Nyika. Nsomba imeneyi imafuna madzi ozizira okhala ndi mpweya wambiri, choncho simungaipeze kumunsi kumene mtsinje wayamba kufunda. Dera lonselo lili m'nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927, ndipo amene akufuna kuwedzako ayambe wafunsa ku ofesi ya zankhalango, monga ija ya ku Likhubula. Kwa munthu amene wangochoka pa damu, sindikuona chifukwa choyambira kumeneko. Ndi bwino kuphunzirira pa kamtsinje ka pafupi ndi kwanu, kamene mungathe kupitako mobwerezabwereza mpaka mutadziwa mwala uliwonse, chifukwa kudziwa bwino mtunda wa kilomita imodzi kumapindulitsa kuposa kudumphadumpha m'mitsinje yambiri.

Chepetsani zida

Ndodo yaitali ya kusitolo, yokhala ndi gudumu lalikulu lokulungira chingwe, inapangidwira kuponya kutali pa madzi otambalala. Pa kamtsinje kotambalala mamita 4 kapena 6, kokhala ndi nthambi pamwamba ndi nsenjere m'mbali, ndodo yotereyi imangokodwa m'mitengo. Nsungwi youma bwino, yowongoka, yopyapyala kunsonga, yotalika mamita 2.5 kapena 3, imagwira ntchito yonse imene mukufuna. Mangani chingwe kunsonga, koma chotsalacho muchikulunge motsika ndi ndodo nkuchimanganso pafupi ndi pogwirira, kuti nsonga ikathyoka ndi mlamba musataye nsomba ndi chingwe chomwe. Chingwe cholendewera chisapitirire kutalika kwa ndodo, apo ayi mudzalephera kutukula nsomba pansi pa nthambi.

Chingwe cha nayiloni chimene ambiri amagwiritsa ntchito pa damu nchokhuthala kwambiri kwa madzi oyera. Pa matemba, makumba ndi chilunguni sankhani cha mamilimita 0.16 mpaka 0.20, ndipo cha mamilimita 0.30 muchisungire mlamba. Mbedza nazonso zichepe. Kumbukirani kuti nambala ya mbedza ikamakwera, mbedzayo imachepa: nambala 14 kapena 16 ndi ya matemba, 10 kapena 12 ndi ya makumba ndi chilunguni, pamene 4 kapena 6 ndi ya mlamba. Nyamulani zambiri, chifukwa pansi pa mtsinje pali mizu, zitsa ndi miyala, ndipo kuduka kwa chingwe ndi gawo la usodzi umenewu. Amene sakutaya mbedza ngakhale imodzi ndiye kuti akuponya kutali ndi pamene nsomba zabisala.

Choyandama chikhale chaching'ono: kachidutswa ka patapata kosapitirira masentimita 2, phata la nthenga ya bakha, kapena kamtima ka phesi louma la chimanga. Chachikulu chimagwa ndi phokoso, komanso temba sangathe kuchimiza, ndiye simudziwa kuti nyambo ikudyedwa. Pa nkhani ya mtovu ndi pamene ochokera pa damu amalakwitsa kwambiri. Iwo amaona madzi akuthamanga nkuwonjezera cholemera kuti nyambo ikhazikike pansi, chonsecho nsomba ya mumtsinje inazolowera kuona chakudya chikubwera ndi madzi, ndipo chimene chaima chokha pakati pa madzi oyenda chimaikayikitsa. Ikani kamtovu kongokwanira kumiza nyambo, pamtunda wa masentimita 15 kapena 20 kuchokera pa mbedza. Muyeso wake ndi wosavuta: choyandama chiziyenda pa liwiro limodzi ndi thovu limene lili pambali pake. Zina zonse, monga mpando, ndowa yaikulu ndi thumba la madeya, zisiyeni kunyumba, popeza zonse zimene mwanyamula mudzayenda nazo pa miyala yoterera. Kathumba kokoleka paphewa, kampeni, botolo la madzi akumwa ndi kachitini ka nyambo ndi zokwanira.

Pamene nsomba zimakhala

Nsomba ya mumtsinje imafuna zinthu zitatu pamalo amodzi: pobisala, popumira osalimbana ndi mphamvu ya madzi, ndi podikirira chakudya chimene madzi akubweretsa. Malo amene zitatuzi zakumana ndi ochepa, ndipo mukawadziwa mudzaona kuti mbali yaikulu ya mtsinje, makamaka paja madzi ayenda mosaya pa mchenga wosalala, mulibe choti mutayirepo nthawi.

Malo oyamba ndi pamutu pa dziwe, pamene madzi othamanga pamiyala agwera pakuya. Mukayang'anitsitsa mudzaona mzere wa thovu ndi tizinyalala ukutsika kuchokera pamenepo, ndipo mbali imodzi ya mzerewo madzi akuthamanga pamene mbali inayo adekha, mwina akuzungulira kubwerera m'mbuyo. Nsomba zimaima mbali yodekhayo, pafupi penipeni ndi malirewo, nkumatuluka pang'ono kukatola chimene chikudutsa. Thovu likusonyezani njira imene chakudya chikudzera, choncho nyambo yanu idutse momwemo. Kuseri kwa mwala waukulu uliwonse kumakhalanso kadziwe kodekha, mwina kongokwana beseni, kamene wochokera pa damu amakadutsa osakayang'ana nkomwe, pamene m'menemo mungakhale nsomba yabwino kuposa zonse za pamalopo.

Pamene mtsinje wakhota, madzi amakumba gombe la kunja nkusiya mchenga ku gombe la mkati. Imani pa mchengapo ndipo muponye kutsidya, kunsi kwa gombe lokumbikalo, makamaka ngati pali mizu ya mkuyu kapena chitsa chimene chinagweramo. Amenewo ndiwo malo a milamba masana. Musaime pamwamba pa gombe lokumbika, chifukwa kuwonjezera pa kuopsa nsomba zimene zili pansi pa mapazi anu, dothi lake limatha kugumuka. Malo ena oyenera kuyesa ndi pamene kamtsinje kena kathira mu unzake, pansi pa mlatho, m'mphepete mwa bango, ndi kunsi kwa nthambi zolendewera pamadzi, kumene mbozi ndi nyerere zimagwera. Chilunguni, chimene chimadya udzu ndi masamba, muchifune pamene udzu wa pagombe wamira.

Kayendedwe ndi kaponyedwe

M'madzi oyenda nsomba imayang'ana kumtunda, kumene madzi akuchokera. Choncho yambirani kumunsi nkumakwera, kuti muzizifikira chakumbuyo, komanso kuti matope amene mapazi anu avundula azipita kumene mwawedza kale. Valani zovala zosawala, pondani mofewa chifukwa nsomba imamva kugunda kwa pansi kudzera m'madzi, ndipo samalani mthunzi wanu ndi wa ndodo, makamaka m'mawa ndi madzulo pamene mithunzi imatalika.

Tiyerekeze kuti mwafika pa dziwe lotalika mamita 10, lokhala ndi mwala waukulu kumutu ndi mkuyu kutsidya. Musayambe ndi kuponya. Imani kaye patali, kuseri kwa chitsamba, muyang'ane madzi kwa mphindi zingapo, ndipo mudzayamba kuona timithunzi ta matemba tikusuntha pa mchenga, mwinanso kabwalo pamwamba pa madzi pamene nsomba yatola kachirombo. Senderani mowerama mpaka kumchira kwa dziwe, pamene madzi ayamba kusaya asanatuluke, ndipo mugwade kapena kukhala pansi. Yambani ndi madzi a pafupi nanu, chifukwa mukayamba ndi a kutali, nsomba imene mwakola idzadutsa pakati pa zinzake ikuphiriphitha ndipo zonse zidzabalalika. Gwirani mbedza ndi dzanja lamanzere, tukulani ndodo pang'ono, ndipo muisiye nyambo ipite yokha chapansipansi ikagwe mwakachetechete kumtunda kwa pamene mukuganizira kuti pali nsomba. Ikamatsika ndi madzi, itsatireni ndi nsonga ya ndodo, chingwe chisagone pamadzi koma chisakokenso choyandama. Ikafika kumapeto, itukuleni mofatsa nkuponyanso, ulendo uno patsogolo pang'ono kapena chakutsidya pang'ono. Mukatero mudzakwera dziwe lonse mpaka kumwala kuja, ndipo mizu ya mkuyu muisiyire kumapeto.

Ngati nyambo yadutsa malo amodzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi popanda kugwedezeka, sinthani kuya kwake posuntha choyandama, kuti iziyenda pafupi ndi pansi koma osakwakwa. Zikapanda kusintha pakatha mphindi 10 kapena 15, nyamukani mupite pa dziwe lina. Apa ndi pamene mtima wa munthu wa pa damu umavuta, poti anaphunzira kuti kudikira ndiko kuwedza. Pa kamtsinje nsomba yanjala imadya nyambo ikangodutsa koyamba kapena kachiwiri, ndipo imene yakuonani sidzadya ngakhale mutakhala mpaka dzuwa kulowa. Mukhoza kudzaiyesanso pobwerera, dziwe litapuma kwa ola limodzi kapena awiri.

Kadyedwe nakonso nkosiyana. Temba amagwedeza choyandama mofulumira kangapo asanachimize, ndipo mumkole ndi kadzanja kokha, osati ndi mkono wonse, chifukwa kamwa yake ndi yofewa ndipo mukakoka mwamphamvu mudzangoponya mbedza m'nthambi za kumbuyo kwanu. Nthawi zina choyandama sichimira konse koma chimangoima pamene chimayenera kupitirira, kapena kupatuka pang'ono kuchoka pa mzere wa thovu. Kolani pamenepo. Mwina ndi mwala, koma kawirikawiri ndi nsomba. Mlamba umamiza choyandama pang'onopang'ono nkuchitenga kulowera ku mizu, ndipo mukaukola musaupatse mpata ngati mmene mumachitira pa damu lopanda zokola. Pendeketsani ndodo cham'mbali, muukokere ku madzi oyera nthawi yomweyo, ndipo ukatopa muutsetserekere pa mchenga mmalo moutukula m'mwamba.

Nyambo

Nyambo yabwino ndi imene nsomba imakumana nayo tsiku ndi tsiku pamalopo. Nyongolotsi zimagwira nsomba zonse zimene tatchulazi, ndipo ku Thyolo ndi Mulanje sizisowa pansi pa zinyalala za nthochi ndi m'dothi lonyowa la m'dimba. Pa matemba dulani kachidutswa kongophimba mbedza, pamene pa mlamba mukoloweke ziwiri kapena zitatu, michira izigwedezeka. Musanayambe kuwedza, tembenuzani miyala ingapo ya m'madzi osaya othamanga. Kunsi kwake mudzapeza tizirombo tofewa, tina tokwawa ndipo tina tobisala m'timachubu ta mchenga timene tadzimangira. Timeneti ndi chakudya chenicheni cha nsomba za pamenepo, ndipo kamodzi pa mbedza ya nambala 16 kamaposa nyambo iliyonse yochokera kunyumba madzi akayera kwambiri. Mukatha, bwezani miyalayo monga inalili. Chiswe, ngumbi nthawi ya mvula yoyamba, ndi tiziwala tating'ono zimagwiranso bwino. Chiwala mukhoza kuchiponya popanda mtovu kuti chiyandame kunsi kwa udzu wa pagombe. Pa mlamba wa madzulo, nyama ya nkhanu kapena matumbo a nkhuku zimathandiza chifukwa mlamba umasaka ndi ndevu zake ndi fungo kuposa ndi maso, ndipo apa pokha mpamene nyambo yokhazikika pansi ndi mtovu wolemererapo ili yoyenera.

Nsima yokanda ndi madeya, imene ili nyambo yodalirika pa damu, imasungunuka msanga m'madzi oyenda ndipo nsomba zambiri za mumtsinje siziidziwa. Imagwira pamalo amodzi: kumunsi kwa dooko pamene amayi amatsukira mapoto, poti matemba ndi makumba a pamenepo anazolowera nyenyeswa za nsima ndi makoko a m'mphika. Kuwaza madeya kuti muitane nsomba nakonso sikuthandiza, chifukwa madzi amawatenga ndipo nsomba zimawatsatira kumunsi, kutali ndi inu. Ngati mukufuna kuzikopa, phwanyani kachidutswa ka chulu kokhala ndi chiswe kumutu kwa dziwe, kapena kandani madeya ochepa ndi dothi lomata kuti amire ndi kumasungunuka pang'onopang'ono.

Nyengo

Pa damu miyezi yonse imafanana ndithu, koma mtsinje umasintha kwambiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi madzi amakhala ambiri, ofiira ndi amphamvu, ndipo ndi nthawi imene matemba ndi milamba zimakwera kukaswana m'malo osefukira. Nthawi yokoma kwambiri, m'kuona kwanga, ndi Epulo ndi Meyi, pamene madzi akutsika ndi kuyera koma akadali ndi kamtundu pang'ono kobisa msodzi, ndipo nsomba zanenepa ndi chakudya cha dzinja. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, madzi ochokera m'phiri amazizira kwambiri ndipo nsomba zimachita ulesi, choncho palibe chifukwa cholawirira. Pitani dzuwa litakwera, ndipo mufune maiwe akuya amene dzuwa likuwombapo. Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala madzi amachepa ndi kuyera, nsomba zimaunjikana m'maiwe otsala, ndipo zimadya mbandakucha ndi chakumadzulo. Mvula yoyamba ikagwa, madzi nkuyamba kuda ndi kukwera pang'ono, milamba imatuluka m'mabowo ngakhale masana.

Nthawi yomweyo ya milamba ndiyonso yoopsa. Mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri inu muli padzuwa kumunsi, ndipo madzi ake amatsika mofulumira pa matanthwe opanda dothi lowamwa. Anthu a kuno sanaiwale napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991, ngakhalenso namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mukaona mitambo yakuda yakuta phiri, madzi ayamba kusintha mtundu mwadzidzidzi, masamba ndi timitengo tayamba kuyandama mochuluka, kapena mwamva mkokomo kumtunda, tulukani mumtsinje nthawi yomweyo nkukwera kumtunda kwa gombe, ngakhale mbedza itakodwa. Musawolokere kutsidya kumene simungathe kubwererako madzi akakwera. Namondwe Freddy anasinthanso maonekedwe a mitsinje yambiri: maiwe ena anakwiririka ndi mchenga ndi miyala, ndipo ena atsopano anakumbika. Choncho malangizo a munthu amene anawedza mtsinjewo chaka cha 2023 chisanafike muwatsimikize ndi maso anu kapena ndi anyamata amene amawedzapo lero.

Thupi lanu, eni malo ndi malamulo

Ngozi yofala kwambiri pa timitsinje ta m'phiri ndi kuterereka. Miyala yonyowa yokhala ndi ndere imaterera koopsa, ndipo patapata sayenera konse. Valani nsapato zakale za labala zomanga ndi zingwe, ndipo muuze wina kunyumba mtsinje umene mwapita. Maiwe a pansi pa mathithi amakhala akuya ndi ozizira kuposa mmene amaonekera. Dziwe la Nkhalamba, kumtunda kwa Likhubula, lamizapo anthu, komanso ndi malo amene anthu a kuno amawalemekeza, kotero si poyesera mbedza. Kumunsi kwa Zoa, kulowera ku Chiromo, kuli ng'ona, ndipo malangizo olowa m'madzi kapena kugwada pagombe sagwira ntchito kumeneko.

Thyolo ndi Mulanje ali m'gulu la maboma amene muli matenda a onchocerciasis, oyambitsa kuyabwa kwambiri kwa khungu ndipo nthawi zina kuwononga maso. Amafalitsidwa ndi tintchentche tating'ono takuda timene timaswana m'madzi othamanga ndipo timaluma masana, makamaka m'miyendo. Msodzi wa pa kamtsinje amakhala pamalo penipeni pa tizirombo timeneti, choncho valani buluku ndi malaya a mikono yaitali, ndipo musakane mankhwala a Mectizan akamagawidwa m'mudzi. M'madzi odekha a kumunsi, mmene muli nkhono, muli chiopsezo cha likodzo. Musaloweremo popanda chifukwa, ndipo mukaona magazi mumkodzo pitani kuchipatala.

Pa damu munkalipira pageti ndipo nkhani inkathera pomwepo. Mtsinje ulibe geti, koma uli ndi eni ake. Mukafika m'mudzi wachilendo, kaonekereni kwa amfumu kapena kwa mwini dimba limene mudutsemo, ndipo mawu ochepa monga akuti, "Zikomo amfumu, ndine mlendo, ndimati ndiponyeko mbedza kumtsinjeku ngati nkololedwa," amatsegula njira ndiponso amakupezerani wokuuzani malo oletsedwa. Manda ambiri ali m'nkhalango za m'mphepete mwa mitsinje, ndipo nthawi ya tchuthi chachikulu cha sukulu kumakhala misasa ya chinamwali imene mlendo sayenera kuyandikira. Mukamayandikira dooko, imani patali nkufuula kuti, "Odi kumadziko, amayi, tidutse nawo?" ndipo mudikire yankho. Kumene mtsinje wadutsa mu esiteti, pemphani chilolezo ku ofesi musanakumane ndi alonda. Pa Ruo ndi Muloza kumbukirani kuti m'madera ambiri tsidya linalo ndi Mozambique.

Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala aululu kapena zophulika, ndipo katupe ali m'gulu limeneli ngakhale ena amamuyesa mwambo wa makolo. Kukokolola ndi masikito nakonso nkoletsedwa. Kuipa kwa njira zimenezi kumaoneka bwino tikayang'ana kumpoto kwa phiri, kumene mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imalowera ku nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi itauma mu 1968 ndi mu 1995, nsomba zimene zinapulumuka zinabisala m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjamo, ndipo ndi zomwezo zimene zinadzaswananso madzi atabwerera. Dziwe lotsala la mu Okutobala ndi nkhokwe ya mbewu ya mtsinje wonse, ndipo palibe mwini amene adzabwere ndi ndowa ya ana a nsomba kudzabwezeretsa zimene zatha. Mbedza imodzi singathe kumaliza mtsinje, koma ikhoza kumaliza nsomba zikuluzikulu za dziwe limodzi. Tengani za ndiwo za tsikulo, m'dziwe lililonse mutengemo zochepa, ndipo bwezerani zazing'ono kwambiri, za mimba yodzaza ndi mazira, komanso kumba amene mwampeza ali ndi mazira kapena ana m'kamwa. Ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu ingakuuzeni ngati pali nyengo yotseka kapena malamulo a m'dera pa mtsinje umene mwasankha.

Nsomba ikatuluka m'madzi

Imene mukufuna kubweza muigwire ndi manja onyowa, kuti musachotse utelezi umene umaiteteza ku matenda, ndipo muiike m'madzi odekha mmalo moiponya. Kuphwanya kandevu ka mbedza ndi pulayala kumathandiza kuti ichoke msanga. Mlamba uli ndi minga yolimba pa zipsepse ziwiri za pafupi ndi mutu, imene imabaya mopweteka ndipo bala lake limatupa. Ugwireni kuchokera pamwamba, chikhatho chili pamutu wake wophwatalala, chala chachikulu kuseri kwa munga umodzi ndipo chala cholozera ndi chapakati zitapana munga winawo. Popeza mukuyenda tsiku lonse ndipo mulibe ndowa, iphani nsomba zimene mwasunga nthawi yomweyo, tumbulani zikuluzikulu nkuchotsa makha, ndipo muzikulunge m'masamba a nthochi kapena udzu wonyowa m'kathumba kanu. Matemba amaonongeka msanga kukatentha, choncho ngati kwanu nkutali muwawaze kamchere.

Ambiri amene ayamba kuwedza m'mitsinje sasiyiratu damu, ndipo apa pali chinthu chofunika kusamala. Musatenge nsomba zamoyo kuchokera pa damu kukaika mumtsinje poganiza kuti mukuuthandiza, makamaka za kunja monga bass zimene zili m'madamu ena, chifukwa zimadya matemba ndi ana a nsomba zina, ndipo lamulo lomwe lija limaletsa kusamutsa nsomba zachilendo popanda chilolezo. Musatengenso za mumtsinje kukaponya m'dziwe la mlimi. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka ku Mchinji, m'dera la mtsinje wa Bua, ndipo amafala kudzera mu nsomba zodwala, madzi ndi zida zonyowa. Mukagwira nsomba yokhala ndi zilonda zofiira zakuya, musaibweze m'madzi ndipo musaidye, koma muikwirire kutali ndi gombe nkudziwitsa alangizi a zausodzi. Pochoka pa madzi ena kupita pa ena, tsukani chingwe, choyandama, kathumba ndi nsapato, ndipo muziyanike padzuwa mpaka ziumiretu musanazigwiritsenso ntchito.